Mkazi uja ankangothera pa nambala 2 ku Kona

Ine ndinakulira ku Nkhotakota, chakunyanja, ndiye mukandifunsa kuti kusambira ndinaphunzira liti ndilibe yankho, zili ngati kumufunsa munthu kuti anaphunzira liti kutafuna. Tikaweruka kusukulu makope pamchenga, yunifomu pamwamba pa makope, mwala pamwamba pa yunifomu kuti mwera usaulutse, ife chubwi mpaka maso psuu, kunyumba nkukapeza agogo atakonzeratu kamtengo ka bulugama. Pagulu lathu lonse dolo ndinali ineyo, izi sindikudzichemerera, amene tinakulira limodzi akuwerenga pano ndipo atha kunditsutsa ngati ndikunama. Ndinkafika pomwe asodzi amaimika mabwato nkubwerako osapumira. Ndiye ndinakula ndi maganizo oti munthu wodziwa madzi ndi munthu wamphamvu kuposa onse, kuti zinazi, kuthamanga, kupalasa njinga, ndi zoti aliyense wamiyendo iwiri atha kuchita.

Maganizo amenewa anandithera ku Joni kuno, ndipo amene anayamba kundichotsa ndi mtsikana wina wa ku England yemwe sindinayankhulepo naye, katswiri wa mpikisano wosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga, dzina lake Lucy Charles, pano amatchedwa Lucy Charles-Barclay chikwatiwireni.

Nkhani yake inayamba chonchi. Mu 2018 ndinali ndi zaka zingapo ndili ku Port Elizabeth, komwe pano akukutcha Gqeberha, ndikugwira ntchito pa nyumba ina yogona alendo ku Summerstrand, kumaluwa, kutsuka dziwe, kunyamula zikwama, chilichonse chomwe bwana aloza. Chaka chilichonse ikamakwana nthawi ya Ironman nyumba imadzaza ndi anthu oonda, ometa miyendo, obwera ndi njinga zomwe amazilowetsa kuchipinda nkumagona nazo ngati mwana wakhanda. Tsiku lina ndinafunsa mtengo wa njinga imodzi, atandiuza ndinangoseka nkuchokapo, ndalama imeneyo kwathu umanga nyumba ya malata nkutsalako ya mbuzi. Lamulungu la mpikisanowo mu April misewu inatsekedwa, ntchito kunalibe, ndiye mnzanga wina wa ku Mangochi anati tiyeni aise tikaone azungu akuzunzika mwakufuna kwawo. Tinalawira mbandakucha kupita ku Hobie Beach.

Kwa amene simukuudziwa, Ironman ndi mpikisano wa zinthu zitatu zotsatizana popanda kupuma. Umayamba ndi kusambira makilomita 3.8, ukatuluka ukwere njinga makilomita 180, ukatsika uthamange makilomita 42.2, inde marathon yathunthu, miyendo itatha kale ntchito. Makilomita 180 ndi pafupifupi kuchoka kwathu ku Nkhotakota kukafika ku Lilongwe kudzera pa Salima, ndiye ukafika mtauni wina nkukuuza kuti tsika, tsopano thamanga. Zinayamba mu 1978 ku Hawaii, anthu ochepa chabe akukangana kuti wamphamvu ndani pakati pa osambira, opalasa njinga ndi othamanga, mkangano womwe ndinali nawo ine mumtima. Anthu wamba amapatsidwa maola 17 kuti amalize. Akatswiri aakazi amamaliza mmaola 8 ndi theka mpaka 9.

Tsiku limenelo ndinaona mtsikana wamtali, tsitsi ataluka zingwe ziwiri, akutuluka mmadzi yekhayekha, anzake aakazi osaoneka nkomwe, ndipo mwa amuna omwe anayamba iye asanayambe ena anali atawapeza. Masambiridwe ake ndi omwe anandigwira mtima. Ife akunyanja timasambira mutu uli mmwamba, kumenya madzi ngati tikulimbana nawo, koma uyu manja amangolowa mwakachetechete, thupi lili tantha pamwamba pa madzi, mafunde a Algoa Bay omwe ndi ozizira komanso amwano osamusuntha. Ndinamuuza mnzanga uja kuti basi wawina kale uyu, tiyeni tikamwe tiyi. Bambo wina wachikulire amene anaima pafupi anatimva tikusonyezana ndi manja, anandifunsa zomwe ndikunena, nditamuuza anaseka. Amvekere mwana wanga, kusambira ndi ola limodzi lokha, kwatsala maola asanu ndi atatu. Tsiku limenelo Lucy anawinadi, ndipo anadzawinanso pomwepo mu 2019, koma mawu a bambo aja ndinadzawamvetsa bwino patsogolo.

Ndinayamba kumufufuza pa foni. Anabadwa mu 1993, anakulira ku Hertfordshire kumpoto kwa London, ndipo ubwana wake wonse unathera mdziwe, moyo uja wodzuka 5 koloko mmawa kukasambira, kupita kusukulu tsitsi likununkha mankhwala a mdziwe, madzulo kubwereranso. Ankasambira mitunda italiitali, kenako analowa zosambira panyanja ndi mmitsinje, za makilomita 10. Maloto ake onse anali Olimpiki ya 2012, yomwe inachitikira pakhomo penipeni ku London. Koma malo a Britain pa makilomita 10 aakazi anatenga Keri-Anne Payne yemwe anali atawina mpikisano wadziko lonse ku Shanghai mu 2011. Lucy anatsala. Tangoganizani, zaka khumi ndi kuposerapo ukudzuka usiku, phwando la anzako osapitako, ndiye tsiku lenileni likufika iwe nkukhala woonerera. Sanachedwe, kusambira anakusiya, nkukayamba ntchito ya muofesi kumalo ena osungirako nyama zakutchire. Anali ndi zaka 20 zokha koma ngati munthu wopuma kale pantchito.

Apa ndi pomwe nkhani yake imandisangalatsa, chifukwa sikuti panabwera kochi wina wamaso akuthwa kudzamutola ayi. Iye ndi chibwenzi chake Reece Barclay, yemwenso anali wosambira, anangoganiza zolembetsa Ironman UK ya ku Bolton ya 2014, ngati mmene anthu awiri angagwirizanire kuti chaka chino tikwere Sapitwa. Njinga ya mpikisano samaidziwa, marathon anali asanathamangepo. Anamaliza. Chaka chotsatira, 2015, anawina gulu la atsikana a zaka 18 mpaka 24 pa mipikisano iwiri yadziko lonse, wa theka la Ironman, womwe amautcha 70.3, ku Zell am See ku Austria, komanso wathunthu ku Kona ku Hawaii. Mu 2016 analowa gulu la akatswiri odyera pomwepo, mu 2017 nkuwina Ironman Lanzarote, chilumba chamapiri ndi mphepo chomwe anthu ambiri amachiopa. Kuchoka pa desiki ya muofesi kufika apa zaka zitatu basi.

Tsopano Kona. Kona ndi kamzinda kakang'ono pa chilumba chachikulu cha Hawaii, ndipo kuyambira 1981 ndi komwe nthawi zambiri kumakhala chikho chenicheni cha Ironman, mwezi wa October. Madzi ake ndi ofunda ndiye wetsuit, chovala chothina cha labala chosambirira mmadzi ozizira, saloleza, zomwe zimakomera wosambira weniweni chifukwa wetsuit imayandamitsa ngakhale munthu wosambira ngati nkhwangwa. Ukatuluka umalowa msewu wa Queen Kaahumanu, umene umadutsa pakati pa miyala yakuda ya chiphalaphala chouma, mthunzi kulibe, mphepo ikukukankha chammbali, mpaka kukatembenukira ku Hawi. Pothamanga pali malo ena amawatcha Energy Lab, kotsika kenako kokwera, kotentha ngati Nsanje mu October koma kwachinyontho, ndipo ndi komwe anthu ambiri amathera.

Chinthu china chofunika kuchidziwa ndi lamulo la njinga. Pa Ironman saloleza kubisala kumbuyo kwa mnzako kuti akutchingire mphepo, zaka zomwe ndikunenazi unkayenera kusiya mamita 12. Komabe ukakhala pagulu, ngakhale motalikirana choncho, umapepukidwako, umaona liwiro la anzako, umadziwa kuti uli pati. Wotuluka mmadzi woyamba alibe zonsezi. Ali yekha kutsogolo ndi njinga yamoto ya kamera, kumbuyo kwake gulu lonse likumuwerengera mphindi. Wosambira bwino pa Ironman amakhala ngati gwape wodzuka msanga, agalu onse akudziwa komwe walowera.

2017, Kona yake yoyamba ngati katswiri. Anatuluka mmadzi woyamba mwa akazi, anatsogola pafupifupi njinga yonse, kenako Daniela Ryf wa ku Switzerland, yemwe anali atawina kale 2015 ndi 2016, anamupeza chakumapeto nkumudutsa. Lucy nambala 2. Aliyense anati zabwino kwambiri, mwana wa zaka 24, nthawi ilipo.

2018 ndinamuonanso ndi maso anga, chifukwa mpikisano wadziko lonse wa 70.3 unabwera ku Port Elizabeth kumayambiriro kwa September, akazi Loweruka amuna Lamulungu. Ndinapempha bwana kuti ndigwire usiku mmalo mwake. Zomwezija, Lucy woyamba mmadzi, Ryf kumupeza panjinga, pothamanga Ryf nkumapita. Nambala 2. Patapita masabata asanu ndi limodzi ku Kona ndiye kunachitika zoti ukamafotokozera munthu amaona ngati ukuwonjezera. Lucy anasambira mphindi 48 ndi masekondi 14, rekodi ya akazi pamalopo. Ryf analumidwa ndi jellyfish, kachilombo ka mnyanja ya mchere koluma ngati moto, mkhwapa mpikisano utangotsala pang'ono kuyamba, anasambira movutika nkutuluka mphindi pafupifupi 9 mmbuyo. Ine pa foni ndikuti chaka chake nchino. Koma mayi uja anapalasa njinga ngati wakwiyira dziko lonse, anamupeza Lucy, nkuwina ndi nthawi ya maola 8 ndi mphindi 26, rekodi yatsopano. Lucy nambala 2.

2019 Ryf sanali bwino mthupi, mpikisano sunamuyendere. Lucy anatsika njinga ali ndi mpata wa mphindi zingapo ndithu. Ndiye kunatulukira Anne Haug wa ku Germany, kamunthu kakang'ono kothamanga ngati sikakugunda pansi, marathon ya maola 2 ndi mphindi 51. Anamudutsa. Kenako Sarah Crowley wa ku Australia anamudutsanso, ndipo apa ine ndinazimitsa foni ndi mkwiyo nkukagona, mmawa ndikudzuka ndikupeza kuti Lucy anadzikoka nkumupitiriranso Crowley chakumapeto. Nambala 2 kachitatu motsatizana. Mayi akunyumba anayamba kundiseka, amvekere abambo, mkazi wanu wa nambala 2 uja wapanganso bwanji? Dzina linakhala lomwelo mnyumba mwathu mpaka ana analigwira.

Ndiyike kaye yanga apa, chifukwa manyazi anatha. Kumayambiriro kwa 2020, matenda aja asanatseke dziko, ndinalembetsa kampikisano kakang'ono ka anthu wamba, kusambira mamita 750, njinga makilomita 20, kuthamanga makilomita 5. Mwana wa bwana anandibwereka njinga yake yakale ndi wetsuit yondithina pakhosi. Kukonzekera kwanga kunali kusambira basi, poti njinga ndinapalasapo kabaza chaka chathunthu ndisanabwere kuno ndiye ndinati palibe chachilendo, kuthamanga nako ndinati makilomita 5 ndi kuchoka kunyumba kupita kumsika. Mmadzi ndinachita bwino zedi ngakhale mchere unkandilowa mmphuno, nyanja yathu ilibe zimenezo, ndinatuluka mgulu loyambirira anthu akuomba mmanja ine mtima uli mmwamba. Panjinga anayamba kundidutsa mmodzimmodzi, fyuu, fyuu, koma ndinapirira. Nditatsika njinga kuti ndithamange, abale inu, miyendo sinali yanga. Inali ngati ndabwereka kwa munthu wina wamfupi. Ndinkafuna kuponda apa phazi nkukagwera apo. Pa kilomita yachitatu agogo ena aakazi a tsitsi loyera mbuu anandipeza, anandisisita paphewa nkundilimbikitsa mokoma mtima, kenako anapita osawaonanso. Ndinamaliza ndikuyenda, ndipo masiku atatu otsatira masitepe a kuntchito ndinkatsika chammbuyo.

Kuyambira tsiku limenelo nambala 2 ya Lucy ndinasiya kuiona ngati kulephera. Ndinamvetsa kuti wosambira akabwera kumtunda amabwera ndi injini yaikulu, mtima ndi mapapo zomwe zaphunzitsidwa zaka zambiri, koma injiniyo ili pa galimoto ya matayala osazolowera msewu. Mmadzi thupi sililemera, madzi amakunyamula, mafupa sagunda paliponse. Wothamanga amene anayamba ali mwana mafupa ake akhala akumenyedwa ndi nthaka zaka zonsezo mpaka analimba. Wosambira mapapo amamuuza kuti pitiriza sunatope, pomwe mafupa ndi akatumba akulira kale. Ngakhale akakolo, osambira amakhala ndi akakolo ofewa opindika ngati zipsepse, abwino pomenya madzi koma osathandiza ukamaponda pansi maulendo zikwizikwi. Ndiye kuti mtsikana amene anayamba kuthamanga mwadongosolo ali ndi zaka 20 azilimbana ndi Anne Haug pa marathon, imeneyo payokha inali nkhani.

Chimene ndinkachita nacho chidwi nchoti sanasinthe kachitidwe kake. Anthu ambiri pa intaneti ankamulangiza, mukudziwa mmene timachitira tonse tikakhala pampando ndi foni mmanja, kuti azisunga mphamvu, asamasambire mwamphamvu choncho, adikire gulu panjinga. Ine ndinkatsutsana nawo ndipo mpaka pano ndimatsutsa. Ukakhala ndi mkondo umodzi wakuthwa kuposa wa aliyense suusiya kunyumba poti ena akuti ukulemera. Akanadikira gulu bwenzi atasanduka wothamanga wapakatikati pakati pa othamanga oopsa, basi. Chomwe anachita ndi kusiya kusambira kuli pomwepo nkumakweza zinazo pang'onopang'ono, njinga kaye, kenako kuthamanga, maola ambirimbiri mkachipinda kochitira masewera kunyumba kwawo ndi Reece, yemwe anakwatirana naye kumapeto kwa 2018 ndipo ndi amene wakhala akumuyang'anira tsiku ndi tsiku. Kenako anayambanso kugwira ntchito ndi Dan Lorang, kochi yemweyo wa Jan Frodeno, katswiri wa amuna wa ku Germany, ndi Anne Haug. Eya, kochi mmodzi ndi mdani wake, zinthu zake za masewerawa.

2021 ndi chaka chomwe ndinaona kuti munthuyu wasintha. Mu April anabwerera mdziwe, kukapikisana nawo pa mamita 1500 pa mpikisano wosankha timu ya Britain yopita ku Olimpiki ya Tokyo, nkukhala wachiwiri, munthu woti kusambira kwa mpikisano anakusiya zaka zisanu ndi zitatu mmbuyomo. Ku Tokyo sanapite koma ndikuganiza kuti chilonda cha 2012 chinapolako tsiku limenelo. Mu June anayesa mpikisano waufupi wa mtundu wa Olimpiki ku Leeds, komwe malamulo ndi ena, njinga mumapalasa mothithikana ngati njuchi, nkukhala wachisanu koyamba komweko. Ndiye mu September ku St George, Utah, pa mpikisano wadziko lonse wa 70.3, anachita chinthu chosowa, anali wachangu kuposa akazi onse mmadzi, panjinga, komanso pothamanga. Pothamanga! Anawina ndi mpata woposa mphindi 8, wachiwiri anali Jeanni Metzler wa konkuno ku South Africa ndiye anzanga akuno anali ndi chawo chosangalalira, ine ndi changa. Mayi akunyumba anati chabwino, koma si Kona.

Kenako mafupa aja anayankha. Kumayambiriro kwa 2022 anamupeza ndi mng'alu pa fupa la mchiuno, mtundu wa kuvulala komwe sikubwera chifukwa wagwa koma chifukwa fupa latopa ndi kugundagunda. Anakhala miyezi osathamanga, mpikisano wadziko lonse wa Ironman umene unachitikira ku St George mu May unamudutsa. Ambiri tinati chaka chatha. Mu August anatulukira ku Samorin ku Slovakia nkuwina chikho chadziko lonse cha mtunda wautali cha bungwe la World Triathlon, mu October ali pa mzere ku Kona. Woyamba mmadzi mwachizolowezi. Ulendo uno amene anamudutsa pothamanga anali Chelsea Sodaro wa ku America, mayi wa mwana wa chaka ndi theka, Kona yake yoyamba. Nambala 2 kachinayi. Ryf, Ryf, Haug, Sodaro. Chaka chilichonse ngati kumwamba kukutumiza munthu watsopano woti adzamulande. Kunena zoona apa ngakhale ine ndinayamba kuganiza kuti mwina ndi mmene zidzathere, kuti adzakhala mmodzi mwa anthu aja timawakumbukira ndi mawu oti akanangoti.

2023 inayambanso moipa, fupa la phazi linathyoka chapakati pa chaka, anavala chinsapato chachipatala chija masabata angapo. Chaka chimenecho kwa nthawi yoyamba Kona inali ya akazi okhaokha, amuna anawatumiza ku Nice ku France mu September. Tsiku linali Loweruka pa 14 October. Hawaii ili maola 12 mmbuyo mwathu, ndiye iwo akamayamba mmawa dzuwa likutuluka kuno imakhala ili chamma 6 madzulo, ndipo amamaliza ife tili pakati pa usiku. Chaka chimenecho magetsi kuno ankangozimazima ndiye ndinatchajiratu foni ziwiri ndi kabatire, bandulo ndinagula yokwanira, ndinakhala pakhonde nditafunda bulangete.

Anatuluka mmadzi yekha, mphindi 49 ndi masekondi 36. Panjinga Taylor Knibb wa ku America, mtsikana woopsa kwambiri pa njinga, anali kumbuyo kwake tsiku lonse koma osamupeza, mpata umangokhala womwewo, ndipo gulu la othamanga oopsa aja linkatsalira mphindi ndi mphindi. Anapalasa makilomita 180 mmaola 4 ndi mphindi 32. Atatsika njinga Haug anali mmbuyo ndi mphindi pafupifupi 12. Ine mmalo mosangalala mmimba munayamba kutentha, chifukwa filimu imeneyi ndinali nditaionera kale kanayi ndipo mathero ake ndinkawadziwa. Ndinayamba kuwerengera pa chikatoni cha sopo, Haug akamadya masekondi akutiakuti pa kilomita ndiye amupeza pa kilomita yakuti. Chamma 1 koloko mayi akunyumba anatuluka atafunda chitenje kudzandikalipira kuti mawa kutchalitchi ndikagona, anasuzumira pa foni nkufunsa kuti ali pa nambala chani. Ndinati woyamba. Amvekere aaa, dikirani muone. Koma sanabwerere kukagona, anakoka mpando.

Haug anathamanga marathon ya maola 2, mphindi 48 ndi masekondi 23, yachangu kuposa ina iliyonse yomwe mkazi anali atathamangapo ku Kona. Tsiku lina lililonse imeneyo ikanakwana. Koma Lucy anathamanga 2:57, pansi pa maola atatu, ndipo potuluka mu Energy Lab mpata unali ukadalipo. Nkhope yake inali ya munthu amene akumva kuwawa kwinakwake, kumwetulira kunalibe, kenako tinadzamva kuti katumba wa mwendo anang'ambika marathon itangoyamba kumene ndipo anathamanga choncho mtunda wonsewo. Analowa mu Alii Drive, msewu womalizira, yekha, anthu mbali zonse, nthawi yake maola 8, mphindi 24 ndi masekondi 31, kuphwanya rekodi ya Ryf ya 2018 ija. Kutsogola kuchokera pa mfuti yoyambira mpaka pa mzere womaliza, osadutsidwa ndi munthu ngakhale kamodzi. Haug anafika patapita mphindi zitatu, Laura Philipp wachitatu. Anakhala mkazi wachitatu wa ku Britain kuwina Kona, pambuyo pa Chrissie Wellington ndi Leanda Cave. Ine ndinakuwa mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa, nthawi ili pafupi 3 koloko mbandakucha. Mayi akunyumba anangoti, basi tsopano timutcha ndani?

Ndikanakonda nkhani ikanathera pamenepo koma thupi silidziwa zoti nkhani yafika pokoma. Mu 2024 anamupeza ndi matenda a coeliac, aja oti thupi limadana ndi tirigu, buledi ndi pasta zomwe anthu a masewerawa amadya mbale zodzaza usiku woti mawa mpikisano zinali zikumuwononga mkati osadziwa. Ndinaseka ndekha kuti akanakulira kwathu pa nsima ya mgaiwa vuto limeneli sakanalimva nkomwe, chimanga chilibe zimenezo. Chaka chomwecho anawina Ironman ya ku Nice mu June, koma mpikisano wadziko lonse utafika mu September, ku Nice komweko, anatuluka kutatsala tsiku limodzi chifukwa cha katumba wa mwendo. Chikho chake anachitenga Laura Philipp iye akuonerera.

Ya 2025 ndiye inandipweteka kuposa ma nambala 2 onse aja. Pa 11 October ku Kona kunatentha koopsa. Lucy woyamba mmadzi, panjinga akusinthana ndi Knibb, pothamanga anafika potsogola ndithu, kenako tinangoona wayamba kuyenda pamalo omwera madzi, akudzithira ayezi paliponse, miyendo ikupepesuka ngati munthu woledzera. Ku Energy Lab Reece analowa mumsewu nkumuimitsa. Pa intaneti ena ankati akanamusiya amalize, ine ndinati inu simunaonepo munthu akugwa ndi kutentha, mwamuna amene waona mkazi wake maso atatembenuka sangayambe kuwerengera za chikho. Knibb naye, ali patsogolo kutatsala makilomita atatu okha kuti awine, anakhala pansi pamsewu osadzukanso. Anawina Solveig Løvseth wa ku Norway, Kona yake yoyamba, winanso watsopano uja kumwamba kumatumiza.

Patangotha masabata anayi, pa 8 November, awiri omwe anagwa ku Kona aja anakumananso ku Marbella ku Spain pa mpikisano wadziko lonse wa 70.3. Ndinali kuntchito tsiku limenelo, foni ndinaibisa mthumba la ovolosi ndikutsuka dziwe, nkumasuzumira bwana akalowa mnyumba. Knibb, yemwe anali atawina chikho chimenechi zaka zitatu zotsatizana, anatsika njinga ali patsogolo, Lucy kumbuyo kwake. Ndiye ndinaona zinthu zitatembenuka, wosambira uja ndi amene akusaka mnzake pothamanga, mpata ukuchepa kilomita iliyonse, mpaka anamupeza nkumudutsa osacheuka. Ndinaiwala kuti paipi ndaisiya yotsegula, madzi anasefukira mpaka pa kapinga, bwana akutuluka kudzafunsa kuti chachitika nchani ine ndili chiimire ndi foni mmanja. Madzulo nditafika kunyumba ndinawauza mayi kuti mkazi wa nambala 2 uja wawina pothamanga, anandiyang'ana nkunena kuti ndiye inuyo mudzabwerera liti kukawabwezera agogo aja? Nsapato ndagula kale, za kaunjika, zili pansi pa bedi.